Chitseko Chinatsala Kutsidya kwa Muloza

Ikani mafoniwo pansi, inu ana inu, manja onse awiri agwire nandolo. Uyu akuflasha wa ku Limbe, uyo akudikira wa ku Joni amuimbire, nandolo ali phee m'lichero ngati adzitongola yekha. Ndipo iwe Tadala ndinakumva dzulo ukuuza mnzako pa mjigo kuti kuno ku Khwethemule kulibe tsogolo, ukangopeza pasipoti sitidzakuonanso. Pita, mwanawe, ine sindikukaniza. Nanenso ndinatulukapo m'dziko lino kamodzi, ndipo ndinabwerako ndikuona zinthu mwamtundu wina. Koma uyambe wamva mmene tinayendera, chifukwa nyumba mwatsamirayi inachokera pa ulendo umenewo.

Agogo anu aamuna, a Dayitoni, inu mumawadziwa ngati nkhalamba yofatsa yomwe imaswera kudimba kucheza ndi nthochi, yomwe mukaibera mapeyala imayang'ana kumbali. Musanyengedwe. Munthu uja anali kapitawo wa ku esiteti. Chipewa cha khaki, majombo ofika m'maondo ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndi ndodo yaitali yomwe ankagoneka pamwamba pa tiyi kuti aone ngati mwathyola mosalaza. Akatsokomola kumapeto kwa mzere, anthu ankawerama ngakhale anali owerama kale. Kunyumba chipewacho ankachikoleka pa msomali, koma ukapitawowo sankauvula.

Ine ndinali mmodzi wa owerama aja. Dengu kumsana, thumba la feteleza m'chiuno kuti mame asakulowe m'mafupa, ndiye uzithyola masamba awiri ndi kansonga kake, masamba awiri ndi kansonga kake, mpaka thirakitala ibwere ku sikelo. Taonani zala izi. Sizinapindike chifukwa cholemba mameseji ngati zanuzo. Ndipo chosekesa n'chakuti ine ndine wa Sabata chibadwire, tiyi sitimwa. Ndathyola tiyi woti akhoza kudzaza tchalitchi chathu mpaka kudenga, koma kukoma kwake mukafunse ena. Agogo anuwo nawo ankati ndi a Sabata, kungoti Sabata lawo linkayamba akaweruka, ndipo tiyi wa mu mgolo yemwe kampani inkaphikira antchito ankamwa ati pofuna kulawa ntchito ya manja awo. Manja awo ati.

Tinkakhala m'komboni, m'nyumba ya kampani. Zipinda ziwiri, malata, mpopi pakati pa nyumba zonse. Ya kapitawo inali ndi kakhonde kake, ndipo kakhonde kameneko kanatinyaditsa kwambiri. Koma nyumba ya kampani ili ndi lamulo limodzi: ntchito ikatha, nyumba yathanso. Ndinaona ndi maso anga anthu omwe anabadwira momwemo akukwezedwa thirakitala, mphasa, miphika ndi nkhuku zomangidwa miyendo, osadziwa kuti dalaivala awatsitse pati. Nthawi iliyonse ndikaona zimenezo ndinkapita kwa agogo anu. Ndinkafunsa, “Bambo a Esitere, nanga ife tsiku lathu likadzafika?”

Yankho linali lomwelomwelo. “Ife tili ndi munda kwathu.”

Kwawoko kunali ku Mozambiki. Agogo awo aamuna anachokera kumeneko wapansi, kuthawa Apwitikizi ndi ntchito yawo yokakamiza, nadzalembedwa pa esiteti. Kampani inawapatsa nyumba. Atafooka, ntchito ndi nyumba zinapita kwa mwana wawo wamwamuna, kenako kwa a Dayitoni. A Dayitoniwo dothi la ku Mozambiki anali asanalipondepo, koma mundawo ankaudziwa ngodya zonse. Ndipo unali munda wodabwitsa, chifukwa unkakula chaka ndi chaka wopanda woulima. Titangokwatirana unali ndi mitengo ingapo ya mango. Pobadwa Esitere, mayi wanu uja, unali utapeza mtsinje wake wa nsomba. Pofika nthawi yomwe Esitere ankakwatiwa, chinangwa chake chinkafunika amuna awiri kuti achizule.

Nkhondo ya kumeneko inkawathandiza kwambiri. Ukati tiyeni tikauone, ankati, “Ukufuna ndikaponde bomba?” Ndiye nkhani yatha.

Amayi anga anali kuno, pamalo pano. Chaka chilichonse tikakolola ankatuma uthenga kuti uzani mkamwini wanga adzamange. A Dayitoni ankaseka mpaka kutsokomola. “Ku Khwethemule? Malo otsetsereka ngati denga aja, oti ukagwetsa dzungu ukalitola kwa eni ake? Ine kapitawo ndikakhale mkamwini, ndizikatumidwa kukasema mipini ndi apongozi?” Mawu amenewo ankawanena mokweza, ndipo m'komboni mawu sagona pamalo amodzi. Ankafika kuno.

Ndiye panalinso nkhani ya achimwene anga a Yotamu, agogo anu aja okhala kuseri kwa nsungwi. Chaka china cha njala anabwera kudzathyola nawo tiyi, ndipo mwatsoka anagwera m'gulu la alamu awo. Munthu wozolowera khasu sadziwa kusankha tsamba. Tsiku lina a Dayitoni anapisa dzanja m'dengu lawo, napeza masamba okhwima. Akanatha kuwanong'oneza. Koma ayi, anakhuthula dengu lonse pansi, pamaso pa akazi ndi anyamata, n'kunena kuti, “Kuno si kwa apongozi.” Achimwene anatola chipewa chawo, nabwerera kuno wapansi. Kuyambira pamenepo anthu awiriwa sanapatsanenso moni. Amayi atamwalira, a Dayitoni anabwera pamaliro ndi majombo awo, napempha mpando pomwe amuna onse anakhala pansi, ndipo dothi lisanaume pamanda anali atanyamuka kale, ati tsamba silidikira. Ine ndinakhala chete. Masiku amenewo kukhala chete ndinkakuyesa ulemu.

Kenako zinthu zinasintha. Tinalowa matipate, ku Mozambiki mfuti zinaleka, othawa nkhondo omwe anadzaza m'midzi yathu anayamba kubwerera kwawo. Pa esiteti panabwera manejala watsopano, mnyamata wa sukulu wovala malaya oyera, yemwe anaitana a Dayitoni ku ofesi n'kuwathokoza bwinobwino chifukwa cha ntchito yawo ya zaka zambiri. Mukamva bwana akukuthokozani bwinobwino, yambani kumanga mphasa. Anawauza kuti apume, ndipo nyumba tituluke mvula isanayambe.

Ine ndinkayesa kuti agwa mphwayi. Ayi ndithu. Anabwera kunyumba akuimba mluzu. “Mayi a Esitere, nthawi yakwana. Tikupita kwathu kukaona malo omangapo.”

M'mawa mwake anapita pa Boma kwa kalipentala, nabwera ndi chitseko. Chitseko chenicheni, cha mbawa, chopaka vanishi, cholemera ngati mwana wa ng'ombe, ndi loko wake wamkulu. Ndinafunsa kuti bwanji tikaone kaye malowo. Anati, “Sindingafike kwathu ngati wopempha. Aone kuti kwabwera munthu wodzamanga.” Ine ananditenga kuti ndizisenza chikwama, ndiwo za kalongonda ndi makaka a panjira. Ntchito yanga pa ulendowo inali yomweyo, anandiuziratu.

Inu masiku ano mukafuna kupita ku Mulanje mumangoimika dzanja, minibasi zitatu kukukanganirani. Nthawi imeneyo minibasi zinali zitangoyamba kuchuluka, ndipo zambiri zinali zotopa kale kumene zinachokera. Yathu inkayamba ndi kukankha. Kondakitala ataona chitsekocho anafunsa, “Madala, nanga nyumbayo yatsalira pati?” Basi yonse inaseka kupatula mwini chitseko. Anachimanga pamwamba ndi malamba a tayala, ndipo pa dzenje lililonse kuchokera pa Luchenza mpaka pa Muloza a Dayitoni ankatulutsa mutu pawindo kuona ngati chikadalipo.

Pa Muloza tinadinditsa kapepala kodutsira. Kuchoka apo kupita ku Milanje kunali njinga za kabaza zokhazokha. Ndiye taganizani: njinga yoyamba ine ndi chikwama, yachiwiri kapitawo ndi ndodo yake, yachitatu chitseko chogonekedwa chopingasa ngati mapiko. Mphepo ikawomba, wa njinga ndi chitseko ankalowera limodzi kutchire. Ana a m'mbali mwa msewu anatiperekeza ndi chiphokoso mpaka m'tauni.

Ku Milanje kuseka kunanditha. Nyumba zabwinobwino zopanda madenga, makoma obooka ndi zipolopolo, amuna ambiri oyendera ndodo, mwendo umodzi palibe. Ife tinkadandaula za phala la kampani kuti ndi lamadzi. Kumeneko ndinachita manyazi ndi madandaulo anga.

Tinapeza lole yonyamula mchere yomwe inkalowera kumapiri kumene agogo aja anachokera. Inayenda, inafa, inadzuka, inafanso. Lachisanu dzuwa likupendeka inatitula pa kamsika kena, dalaivala n'kunena kuti mawa m'mawa tipitirize. Apo m'pamene ndinakana koyamba m'banja langa. Ndinati, “Mawa ndi Sabata. Ine sindikwera.” A Dayitoni anayang'ana uku ndi uku kufuna woti awathandize kundikalipira, koma kunalibe owerama kumeneko. Lole inapita. Ife tinatsala pakhonde la sitolo yakugwa, ine, iwo ndi chitseko.

Tsiku limenelo ndimalikumbukira kuposa ena onse. Kunalibe belu, kunalibe sikelo, kunalibe woti n'kumulamula. Munthu akasowa chochita amayamba kuona. Kutsidya kwa msewu kunali nkhalango ya mitengo yowirira, yotalika kuposa nyumba ino. Ine ndinkangoyesa mitengo wamba. Dzuwa litakwera a Dayitoni anapita kumeneko kukadzithandiza, ndipo anachedwa. Nditawalondola ndinawapeza ataima, khosi lili m'mwamba, tsamba lili m'manja.

“Mayi a Esitere, uyu ndi tiyi.”

Analidi tiyi. Munda wa tiyi womwe eni ake anathawa nkhondo, ndipo kwa zaka zonsezo panalibe woudulira kapena kuuthyola. Ife moyo wathu wonse tinkadziwa kuti tiyi amalekeza m'chiuno. Sitinkadziwa kuti ndi mtengo, kuti ndife tinkamukaniza kukula. Anali ndi maluwa oyera ndi timbewu, mbalame zitamanga zisa mmenemo. A Dayitoni anatukula ndodo yawo ija, kufuna kuigoneka pamwamba mwachizolowezi, koma pamwamba pake panali kutali.

“Tiyi wopanda kapitawo,” anatero, ngati akunena za mwana wamasiye.

Ine ndinati, “Ndipo sanafe.”

Anabwerera pakhonde paja n'kukhala pa chitseko chawo mpaka dzuwa kulowa.

Lamulungu tinapeza lole ina, kenako tinayenda wapansi, anyamata awiri omwe tinawapempha atasenza chitseko. Anatichenjeza kuti tisapatuke m'njira ngakhale mimba itavuta, chifukwa pomwe pali miyala yopaka utoto wofiira pali mabomba okwiriridwa. Sindinaonepo a Dayitoni akuyenda mowongoka chotero.

Ndiye panabuka vuto lina. Agogo anu ankadzitama m'komboni kuti ndi Mlomwe weniweni, osati ife osakanizika. Titakumana ndi munthu woyamba woti timufunse njira, anakonza kukhosi n'kunena, “Moseliwa?” Munthuyo anasangalala, natsegula pakamwa, Chilomwe chikutuluka ngati madzi a mvula pa malata. A Dayitoni anamwetulira, nagwedeza mutu, natembenukira kwa ine. Chilomwe chawo chinali chitathera pa moni pomwepo. Ine changa ndinayamwira kwa amayi, cha kukhitchini ndi kumtsinje, chosakanizika ndithu koma chomveka. Kuyambira pamenepo wonyamula chikwama uja ndiye anakhala pakamwa pa kapitawo.

Mudziwo tinaupeza. Musaganize kuti zonse zinali zabodza. Phiri linalipo monga ankanenera, dzina la agogo awo anthu analidziwa. Nyumba zinali zaudzu watsopano, chifukwa anthu anali atangobwerera kumene kuchokera kothawa. Atamva kuti kwabwera mdzukulu wa munthu wawo yemwe anasowera ku Nyasalande, akazi analulutira. Ataona chitseko analulutira kawiri. Anyamata anachilandira n'kupita nacho kunyumba ya mayi wamkulu wa mbumba, yomwe pakhomo pake panali potseka ndi bango. A Dayitoni anandinong'oneza kuti, “Waona ulemu? Akukachisunga pabwino.”

Mayi wamkuluyo anali kankhalamba kakang'ono, kopanda dzino ndi limodzi lomwe, kosuta fodya moto uli mkamwa. Anali mdzukulu wa mlongo wa agogo aja. Anatipatsa mphasa, anatiphera nkhuku, anatibweretsera mowa womwe ine ndinakana ndipo a Dayitoni analawa ati pofuna kusanyoza eni mudzi. Titadya, agogo anu anavala chipewa chawo n'kuyamba kulankhula ngati ali pa sikelo. Ananena dzina lawo, la bambo awo, la agogo awo, ntchito yawo, ndi kuti abwera kudzatenga munda wa agogo awo kuti amangepo. Ine ndikutanthauzira.

Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa funso limodzi. “Amayi ako anali ndani?”

A Dayitoni anadabwa. Anati amayi awo anali Mmang'anja wa kuchigwa, yemwe bambo awo anakumana naye pa esiteti, ndipo anamwalirira m'komboni momwemo. Kwawo kwa amayiwo iwo anali asanapiteko, poti kumatentha komanso kulibe chawo.

Mayiyo anachotsa fodya mkamwa. “Ndiye ukufuna chiyani kuno?”

Ana inu, pamenepo ndinali ndi mpata wofewetsa mawu. Ndikanatha kunena kuti akuti mwayenda bwanji. Ndinayang'ana majombo aja, ndinakumbukira mpando wa pamaliro a amayi. Ndinatanthauzira mmene mawuwo analili, osachotsako ndi mchere womwe.

Anatitengera kumundako. Unalipo. Mitengo ya mango inali iwiri, umodzi wowauka ndi moto. Mtsinje wa nsomba uja unali kangalande koti nkhuku ikhoza kuwoloka osanyowa nthenga. M'mundamo munali mayi wina ndi ana ake akukonza mizere ya chinangwa, ndipo anatipatsa moni mwaulemu n'kupitiriza kulima.

“Munda ndi uwu,” anatero mayi wamkulu uja. “Koma sunakhalepo wa agogo ako. Unali wa amayi awo, kenako wa alongo awo, tsopano ndi wa mwana uyu. Agogo ako analimamo ali mnyamata, monga amachitira mnyamata aliyense asanakwatire. Mwamuna amalima kumene wakwatira. Kodi ku Malawiko simudziwa zimenezi?”

Timadziwa. Kuno ku Khwethemule mwana aliyense amadziwa kuti malo amatsata amayi. Koma a Dayitoni anabadwira m'komboni, bambo awo anabadwira m'komboni, kumene nyumba imaperekedwa kwa mwamuna wolembedwa ntchito n'kupita kwa mwana wake wamwamuna. Anakula akuyesa kuti dziko lonse linakonzedwa ngati esiteti. Anali atavala mwambo wa kampani n'kumauyesa wa makolo.

Anayesa kulimbalimba. “Uwauze kuti magazi a agogo anga ali mwa ine.”

Ndinawauza. Mayiyo anaseka mpaka kugwira bondo langa. “Alimodi, ndipo mphuno ndi yomweyo. Ndiwe mwana wathu. Idya, gona, ubwerenso chaka chamawa, ukadzamwalira tidzalira. Koma kuti ndichotse mwana wa mwana wanga wamkazi m'munda chifukwa cha mphuno?”

Ndiye anatembenukira kwa ine. “Nanga iwe wolankhula bwinowe, amayi ako ndani?”

Ndinatchula amayi, ndinatchula agogo aakazi, ndi mtundu wathu wa kuchikazi monga amayi ankandiuzira tikusinja. Mayiyo anawomba m'manja. Anati anthu a mtundu umenewo ali kuseri kwa phiri lomwelo, ndipo nkhondo inawatha kwambiri moti minda yawo yangokhala tchire. “Ukapita kumeneko sangakukanize. Mwana wamkazi akabwerera sabwezedwa. Ukasankha wekha pomanga.” Kenako analoza a Dayitoni ndi fodya wake uja. “Awanso atha kukhala nawe, ngati amalima.”

Chiganizo chomalizacho ndinachitanthauzira pang'onopang'ono kuti chisatayike panjira.

Ndinapitako kuseri kwa phiriko, ndekha ndi mtsikana wondiperekeza. Zinali zoona. Anandilandira ngati ndinachoka dzulo, anandigwira nkhope, anandionetsa dambo lalikulu la dothi lakuda loti ungalime mpaka kutopa osafika malire. Ndisakunamizeni, mtima unakopeka. Ndinakhala pa chulu n'kuyang'ana dambolo nthawi yaitali. Koma chomwe chinandibwerera m'mutu si dambolo ayi. Ndinaganiza kuti anthu awa sanandionepo, sadziwa ngati ndine mfiti kapena wakuba, koma andipatsa malo chifukwa cha dzina la amayi. Nanga kumene amayiwo agona? Zaka zonse zija ndinkanjenjemera ndi thirakitala ya kampani ngati munthu wopanda kwawo, pomwe pa anthu awiri a m'nyumba ija mwini malo ndinali ine. Ndinalira pa chulu paja. Sindinkalirira a Dayitoni. Ndinkalirira amayi, omwe ankatuma uthenga chaka ndi chaka ine n'kumayankha kuti bambo akuti aganizabe.

Pobwerera kumudzi kuja ndinapeza chitseko chitakhomedwa kale panyumba ya mayi wamkulu. Nyumba yamatope, denga laudzu, chitseko cha mbawa chikunyezimira. Mayiyo ankalowa n'kutseka, kutsegula n'kutuluka, mudzi wonse ukuonerera. Anati chiyambire sanaonepo mwana wodziwa mphatso ngati uyu. A Dayitoni anali chiimire potero. Ukanayamba bwanji kupempha kuti akubwezere? Tsiku lonyamuka anapisa m'thumba n'kupeza makiyi a loko uja. Anawayang'ana, nabwerera, nakawapereka ndi manja awiri.

Pa lole yobwerera tinakhala pa matumba a makaka, fumbi lili thoo. Titayenda mtunda wautali a Dayitoni anati, “Tikafika ndikalankhula ndi manejala. Mwina angandipatse ulonda. Alonda amakhala ndi kanyumba.”

Ndinati, “Inu kalondereni. Ine ndikupita ku Khwethemule.”

“A Yotamu sangandilole.”

“Mwina sangakuloleni. Ine ndiye sangandikanize. Za inuzo mukafunse nokha, ndipo kumeneko wotanthauzira safunika.”

Anandiyang'ana ngati andiona koyamba. Mwina analidi kundiona koyamba, poti mkazi wowerama nkhope yake sioneka.

Tinafika m'komboni mitambo itayamba kusonkhana. Kapitawo watsopano anali atabwera kale ndi mkazi wake kudzayeza mawindo kuti asoketse makatani. Anthu oyandikana nafe ankafunsa kuti kwanu kuli bwanji, mundawo mwauona? A Dayitoni ankati, “Tauona,” n'kulowa m'nyumba. Masiku angapo sanatuluke. Ine ndinayamba kumanga katundu wanga, wawo osakhudza. Ndinkachita mantha ndithu, musaone ngati ndinali wolimba mtima. Munthu uja ndinakhala naye moyo wonse, ndipo sindinkadziwa ngati kunyada kwake kungamulole kukwera phiri lino, kapena ngati achimwene angamulandire atakwera.

M'mawa wina ndinadzuka n'kuwapeza atavala kale, nsapato wamba kumapazi. Anati, “Tiye.”

Tinapeza achimwene akusema mpini pansi pa mtengo wa mapeyala uwo. Atationa sanaimirire. Mlamu wanga, akazi awo, anathamangira m'nyumba kukatulutsa mpando, poti ankadziwa mlendo wake. A Dayitoni anauyang'ana mpandowo, naudutsa, nakhala pansi pa dothi. Ine ndinakhala poteropo ndi mlamu wanga.

“Alamu,” anatero a Dayitoni, ndipo mawu aja omveka mpaka ku fakitale anali ochepa ngati a mwana wodwala. “Ndabwera kudzapempha pokhala. Ndilibe kwina.”

Achimwene anapitiriza kusema. Anasema, nayeza mpiniwo ndi diso, nasemanso. Ine ndinati basi, zatha, tikalondera. Kenako anaika kasemasema pansi n'kunena kuti, “Tiyeni.”

Anatikweza mpaka pano pomwe takhala pano. Nthawi imeneyo panali nandolo yekhayekha. Koma ndinaona chinthu chomwe ndinali ndisanachilabadirepo: phiri lonse ndi lotsetsereka, koma apa pokha panali posalazidwa, pokumbidwa ndi khasu m'mbali mwa phiri, miyala itayalidwa kumunsi kuti dothi lisakokoloke.

“Apa anasalaza ndi amayi,” anatero achimwene. “Anayamba chaka chomwe munakwatira mlongo wangayu. Okha, ndi khasu ndi lichero. Ine ndinkafuna kumangapo nditakwatira, anandikaniza. Ana anga anafuna, anawakaniza. Ankati apa ndi pa mwana wanga wamkazi ndi mkamwini wanga, tizingodzalapo nandolo kuti tchire lisamere. Akudwala matenda omaliza aja ankafunsabe kuti kodi a kapitawo anena kuti abwera liti.” Anapuma pang'ono. “Ndiye musandipemphe ine, alamu. Si ine ndinakusungirani. Ine ndikanakhala ine, bwenzi pano pali khola la mbuzi.”

A Dayitoni anayang'ana miyala ija nthawi yaitali. Kenako anafunsa, “Anagona pati?” Tangoganizani, munthu anali pamaliro, koma sankadziwa.

Achimwene anawalozera. Ine ndinafuna kuwatsatira, koma mlamu wanga anandigwira nsalu. Tinkawaonera patali. Manda anali atamera nsonthi ndi chisoso, poti inali nthawi yokonza minda ndipo aliyense anali wotanganidwa. Achimwene anatuma kuti awapititsire khasu, iwo anakana. Anagwada n'kuyamba kuzula ndi manja, udzu umodziumodzi, dzuwa likuwaotcha pa dazi, mpaka manda onse anayera. Atabwerako manja ali magazi okhaokha, anafunsa achimwene kuti dothi labwino loumbira njerwa limapezeka pati.

Munthu uja anatuluka matuza ake oyamba ali ndi imvi, ana inu. Ndipo mafuta owapaka ndinawapatsa mawa lake, osati tsiku lomwelo.